Botolo likatha ntchito, mwini wake ndani?

Mvula yoyamba ikagwa ku Chirimba, ngalande za m'mbali mwa msewu wochokera ku Chemusa kupita ku Kameza zimalavula zonse zimene zinameza m'chilimwe: majumbo, mabotolo apulasitiki, timapepala ta mafilizi ndi matewera otaya. Madzi akasowa podutsa amalowera m'nyumba za kumunsi. Zikatero timadzudzula anthu otaya zinyalala paliponse, kapena khonsolo ya mzinda imene galimoto zake sizifika m'makwalala onse. Onsewo ali ndi mbali yawo. Koma pali wina amene sititchula kawirikawiri, ndiye amene anapanga zinthuzo. Funso la kuwerenga kwathu lero, abwenzi, ndi lakuti: kodi udindo wa wopanga chinthu umathera pa geti la fakitale yake?

Tiyambe ndi zimene tonse timadziwa. Kumudzi mbuzi ikadya chimanga m'munda wa munthu wina, mlandu ukafika kwa amfumu amene amalipira ndi mwini mbuzi. Iye sanadye chimanga ndipo mwina sanalipo n'komwe, koma ndiye amapindula ndi mbuziyo, ndiyenso anali ndi mphamvu yoimangirira. Makolo athu anaona kuti phindu ndi udindo ziyenera kukhala pakhomo limodzi. Munthu sangatenge nyama ndi ndalama, n'kusiyira anzake chiwonongeko.

Wopanga chakumwa akhoza kuyankha kuti mbuzi yake anagulitsa kale, choncho botolo ndi la amene anagula. Koma taganizani bwino. Palibe amene amapita pagolosale kukafuna botolo. Amafuna chakumwa, ndipo botolo amangopatsidwa. Amene anasankha kuti likhale lapulasitiki, lomwera kamodzi n'kutaya, losawola kwa zaka zambirimbiri, anali mu ofesi ya kampani. Anasankha choncho chifukwa pulasitiki ndi yopepuka kunyamula ndiponso sifuna kubwezedwa kapena kutsukidwa. Ndalama zimene kampani yapulumutsa sizinasowe m'malere. Zasanduka ngalande yotseka, udzudzu woswana m'madzi odikha, utsi wa zinyalala zowotchedwa kuseri kwa nyumba, ndi mulu umene ukukulirakulira kumtaya wa Mzedi. Olipira ndi anthu amene sanafunsidwe maganizo pamene chisankhocho chinkapangidwa.

Umboni wakuti zinthu zikhoza kuyenda mwa njira ina uli pagolosale pomwepo. Mukafuna Fanta wa m'botolo lagalasi, wogulitsa amafunsa ngati mwabweretsa botolo lina, apo ayi mumasiya dipoziti. Botololo limabwerera m'kreti, kreti n'kukwera galimoto imene inabweretsa zakumwa, n'kukatsukidwa ku fakitale. N'chifukwa chake mabotolo agalasi oterewa sapezekapezeka m'ngalande. Anthu ake ndi omwewo, msika ndi womwewo. Chasiyana n'chakuti kampani ikulifuna botolo lake, ndipo yakonza njira yolibwezera.

Mayiko ena anaika ganizo limeneli m'malamulo. Katswiri wa ku Sweden, Thomas Lindhqvist, analifotokoza mu 1990, ndipo mu 1991 dziko la Germany linalamula makampani kuti azisamalira zokutira katundu wawo zikatha ntchito. Ku South Africa malamulo otere anayamba kugwira ntchito mu 2021. Kampani imalipira ndalama molingana ndi kuchuluka kwa zokutira zimene yatulutsa, ndipo ndalamazo zimathandiza kutolera ndi kukonzanso zinyalala. Ubwino wake waukulu ndi wakuti wopanga akadziwa kuti zotsala zidzamubwerera, amayamba kuganiza asanapange. Amachepetsa zokutira, kapena kusankha zimene zingagwirenso ntchito.

Kuno kwathu nkhaniyi yadutsa m'makhoti. Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Makampani opanga mapulasitiki anatenga chiletso mu 2016, ponena kuti lamulolo liwononga malonda awo ndi ntchito za anthu. Pa 31 July 2019 khoti la Supreme linagamula kuti lamulo lipitirire. Mmodzi mwa amene analimbikira nkhaniyi, Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Iye anadzidzimuka ataona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya majumbo. Komabe ziletso zina zinatsatira, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene khoti lalikulu ku Lilongwe linachotsa chiletso chimene makampani ena anatenga mu 2024. Zaka pafupifupi 10 zinatha tikukangana za jumbo yopyapyala yokha, pamene mabotolo ndi matewera sizinali m'mlanduwo.

Tisapeputse nkhawa za mbali inayo. Ku Chirimba kuli mafakitale, ndipo pakati pathu pali amene amadyetsa mabanja awo ndi ntchito za kumeneko. Ndi zoonanso kuti kampani ikalipira za zinyalala, mwina idzawonjezera kangachepe pa mtengo wa katundu, ndipo mayi wogulitsa mandasi kapena tomato adzamva kuwawa msanga kuposa wolemera. Koma mtengowo tikuulipira kale, ndipo tikuulipira mosalungama. Banja limene madzi alowa m'nyumba mwake likulipirira zakumwa zimene ena anamwa kumtunda. Mtengo ukaikidwa pa botolo, amalipira ndi wopanga ndi womwa. Ukabisidwa, amalipira ndi amene amakhala kufupi ndi khwawa. Kunena za ntchito, kutolera, kusankha ndi kutsuka mabotolo ndi ntchitonso. Achinyamata ndi amayi amene amatola mabotolo n'kuwagulitsa kwa ogulitsa thobwa akugwira kale ntchito imene inayenera kukhala ya kampani, koma popanda magolovesi ndiponso popanda malipiro odalirika.

Kodi ndiye kuti wotaya botolo pawindo la minibasi alibe mlandu? Ali nawo ndithu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ukhondo wa mzinda umafuna wogula, khonsolo ndi wopanga. Koma udindo sugawidwa mofanana ngati nsima ya pamaliro. Umalemera molingana ndi mphamvu imene munthu ali nayo. Wogula akhoza kusintha tsogolo la botolo limodzi. Wopanga, ndi siginecha imodzi, akhoza kusintha tsogolo la mabotolo onse amene fakitale yake idzatulutse chaka chino. Kulalikira wogula yekha n'kusiya wopanga kuli ngati kukolopa m'nyumba mpopi uli chitsegukire.

M'maphunziro athu timanena kawirikawiri kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira ndi kupembedza, komanso kuti kukhulupirika ndi maziko a malonda abwino. Ngati zili choncho, katundu sayesedwa pa tsiku logulitsa lokha. Amayesedwanso ndi zimene amasiya m'mbuyo. Mmisiri wa matabwa amene wakhoma mpando wabwino koma n'kusiya misomali pabwalo pamene ana amasewera, ntchito yake sinathe. Lamulo likhoza kukakamiza kampani kutolera zinyalala zake, ndipo liyenera kutero. Koma wamalonda wolungama sadikira khoti kuti limuuze kuti mwana wa mnzake ngwake yemwe.

Muyeso womwewu utikhudze ifenso, pakuti ambiri a ife timapanga kapena kugulitsa kanthu. Amene amaphika thobwa akhoza kubwezera kangachepe kwa wobweza botolo. Wogulitsa mafilizi pasukulu akhoza kuyenda ndi thumba lotolera timapepala take. Sitingafunse kwa fakitale chimene ife tikukana pabenchi yathu.

Tikambirane mafunso awa. Pa zinyalala zimene zimadzaza ngalande ya kufupi ndi kwanu, ndi ziti zimene zingathe kubwerera kumene zinachokera? Ngati mtengo wa chakumwa utakwera pang'ono kuti botolo lizitoleredwa, ndani angapindule ndipo ndani angavutike? Nanga gulu lathu litapeza mwayi wokhala pansi ndi eni golosale, mafumu a m'dera ndi oyang'anira fakitale ina ya kuno, tingayambe ndi pempho liti limene onse angathe kulikwaniritsa mvula isanabwere?