Kodi mbozi ndi mkwapulo wa Mulungu?

Mbozi zitalowa m'chimanga kuno ku Ulongwe, alaliki ena sanachedwe kupeza chifukwa. Amati tachimwa, ndiye Chauta watikwapula ngati mmene anakwapulira Aigupto ndi dzombe. Mawu amenewa ndinawamva kutchalitchi, ndipo mnansi wanga wachisilamu anandiuza kuti kumzikiti nakonso ena ankanena zomwezo. Ine sindinavomereze, ndipo mpaka lero sindivomereza.

Mbozi imeneyi kwawo ndi ku America. Inaoneka koyamba mu Africa mu 2016, kumadzulo uko, ndipo pofika December 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Mayi wake ndi gulugufe wa usiku amene amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi. Akafika amaikira mazira pa tsamba, ana amakabisala m'nsonga ya chimanga, n'kumasiya ndowe zonga utuchi. Kuno njala siiwapeza chifukwa chimanga cha mvula chikauma, cha m'madimba a m'mbali mwa Shire chimakhala chikubiriwira.

Tsono taonani amene amalira. Mwini golosale pa msewu wa ku Mangochi amagula mankhwala, kulemba waganyu, n'kupopera kawiri katatu. Mayi wamasiye wa kuseri kwathu amayenda phesi ndi phesi, akuthira phulusa ndi mchenga m'nsonga, nthawi zina msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidzadye mbozizo. Nkhokwe yake ndi imene imapepuka. Kodi Mulungu angakwapule ndi chikoti chimene munthu wa ndalama amachizemba pogula botolo kusitolo? Ngati n'chilango, ndiye kuti chikugwera wolakwika.

Buku la Yobu limandithandiza pamenepa. Mulungu amakumbutsa Yobu kuti amagwetsa mvula ngakhale m'chipululu mopanda munthu. Si zonse zinalengedwa poganizira nkhokwe yanga. Ngakhale mphalabungu amene timawathamangira ndi mbale, kwa mtengo umene amaukudzula masamba ndi tsoka lomwelo.

Mbozi ndimaipha ndithu, ndi zala, m'mamawa dzuwa lisanatenthe, chifukwa ana anga ayenera kudya. Koma sindiiona ngati mthenga wa mkwiyo wa kumwamba. Ili ndi njala, inenso ndili ndi njala, munda ndi umodzi.

Mlaliki akadzabweranso ndi uthenga wa mkwapulo, mufunseni mwaulemu kuti, “Abusa, mayi wamasiye uja analakwa chiyani chimene mwini golosale sanalakwe?”