Kodi Msonkho Wolungama Ndi Wotani?

Boma lililonse limasonkhetsa anthu ake, pakuti popanda msonkho sipangakhale sukulu, chipatala, kapena mlatho wonga uja wa pa Liwonde. Pa ichi anthu anzeru satsutsana. Chovuta ndi ichi: kodi katundu ameneyu asenze ndani, ndipo pamene boma limupepuza, ayambe kupuma ndani?

Ena amati chilungamo ndicho kuti onse apereke mofanana. Koma mayi wotuma ana ake kumadzi sapatsa wamng'ono mtsuko wolingana ndi wa wamkulu. Akatero, mitsuko yafanana ndithu, koma kulemera kwake pa mitu ya anawo sikunafanane.

Makolo a m'dziko muno anachiona chimenechi. M'chaka cha 1894 boma la Azungu linaika msonkho wa masheleni 3 pa nyumba iliyonse, ya mwini mbuzi zambiri ndi ya wosowa nkhuku yomwe. Pambuyo pake msonkhowo unakwera kufika masheleni 6, koma wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi anali kupereka 3 okha. Kupepuza kumeneku kunaoneka ngati chifundo, komatu amene anapindula nako anali eni minda ikuluikulu, chifukwa anapeza antchito. Wotsala kumudzi kulima munda wake ndiye anasenza katundu yense.

Funso lomweli silinathe. M'chaka cha 2024 boma linalamula kuti K150,000 yoyamba ya malipiro a pamwezi isadulidwe msonkho, pamene kale malire anali K100,000. Kalaliki wa pa Balaka wolandira K150,000 anayamba kutsala ndi K12,500 yoonjezera mwezi ndi mwezi, ndipo n'zabwino ndithu. Koma mlimi wa thonje wa ku Utale ndi msodzi wa ku Nyanja ya Chiuta sanalaweko kanthu, popeza alibe malipiro a pamwezi. Chikhalirecho iwonso amasonkha. Pogula malata, nsapato kapena chitenje m'sitolo, amalipira msonkho wa VAT umene uli m'kati mwa mtengo, wofanana ndi umene alipira munthu wachuma. Wachumayo amagula ndi gawo chabe la ndalama zake nasunga zina, pamene wosauka amagulira zake zonse.

Wina angayankhe kuti wachuma anakhetsa thukuta, ndipo kumsonkhetsa kwambiri ndiko kulanga khama. Mawuwa ali ndi nzeru, pakuti boma lolanda zonse lifooketsa ochita malonda. Koma galimoto la wachumayo limayenda pa msewu wa anthu onse, ndipo katundu wake amamlondera apolisi a anthu onse. Wotunga kwambiri pachitsime ayenera kukhala patsogolo tsiku lochikumba.

Chotero msonkho suyesedwa ndi ndalama zimene munthu wapereka, koma ndi zimene zamtsalira. Ndipo kupepuza kulikonse kuyenera kufunsidwa: kodi kwafika pakhomo pa yani?