Aphunzitsi a ku Kasungu, ku Dzaleka si kutali

Aphunzitsi anzanga, dzukani! Ululu wa kalasi yopanda ana mumaudziwa. Nyengo yothyola ndi kusoka fodya ikafika, mabenchi amangoti pululu, ana ali m'zigafa za m'maesiteti, inu nkumawalondola khomo ndi khomo. Tsono taganizirani mphunzitsi wa ku Goma, kum'mawa kwa Congo, amene ana ake amwazidwa ndi mfuti. Mu Januwale 2025 gulu la M23 linalanda mzinda umenewu, ndipo asilikali athu atatu amene anapita ndi SADC anafera pa nkhondo yomweyo. Maliro awo tinalira konkuno. Ndiye tizinena kuti ndi za eni?

Wina ati, "Malipiro anga omwe safika pakati pa mwezi, ndingathandize ndani?" Sindikutsutsa, ngongole za katapila tonse tikuzidziwa. Koma makolo athu a ku Nsanje, Ntcheu ndi Dedza anali ndi chiyani pamene analandira anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique? Anagawana nawo zitsime, nkhuni ndi timinda mpaka mtendere utabwera mu 1992. Ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ku Goma mwina sitingafike, koma ku Dowa ndi pakhomo. Kampu ya Dzaleka kumeneko inayamba kusunga othawa kwawo mu 1994, ndipo malo amene ankayenera anthu osapitirira 12,000 lero akusunga oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ena mwa iwo ankagwira choko ngati ife, ali ndi luso lophunzitsa Chifalansa chimene sukulu zathu zimasowera aphunzitsi, koma angokhala manja lende.

Bungwe lathu la aphunzitsi la TUM ndi ife tomwe, asatinamize munthu kuti ndi ofesi ya ku Lilongwe. Pa msonkhano wa bungweli ukubwerawu, kaya ndi ku Santhe, Chamama kapena Nkhamenya, imani muitchule nkhaniyi ngakhale palibe pa ndandanda. Sonkhani makope, choko ndi mabuku amene ana anu anamaliza nawo. Alimi akamachokera ku okushoni ku Chinkhoma, apempheni aponyepo kangachepe. Akuluakulu a Kasungu TTC tiwafunse ngati sangaitane anzathu a ku Dzaleka kudzasula nafe luso pa holide. Atsogoleri a bungwe alembere aphunzitsi a ku Congo kudzera ku bungwe la Education International, amve kuti kuno kuli abale awo.

Pa 5 Okutobala, tsiku la aphunzitsi, zovina ndi zitenje zichepeko. Tichite hayala minibasi, tipakire makatoni, tilowe mu M1 kulunjika ku Dowa.