Woimba ndi Dzanja Lomulandira

M'mwezi wa Seputembala 1974, James Brown, katswiri wa nyimbo za funk wa ku America, anafika ku Kinshasa kukaimba pa chikondwerero cha masiku atatu chokometsera nkhonya za Muhammad Ali ndi George Foreman. Miriam Makeba ndi B.B. King anaimbanso pabwalo lomwelo.

Komatu mwini mudzi anali Mobutu, amene mu 1966 ananyongetsa pagulu, mumzinda womwewo, amuna anayi omwe kale anali nduna za boma. Iyeyu ankafuna kuti maiko akunja aone Zaire wovina, osati Zaire wolira. Kodi tsono Brown, yemwe mu 1968 anaimba zolimbikitsa anthu akuda kunyadira khungu lawo, analakwa pokaimba kumeneko?

Ena amati woimba saimbira mfumu, amaimbira anthu. M'mphawi wa ku Kinshasa anali m'goli kale. Kumumana nyimbo kukadakhala kumulanga kawiri. Mfundoyi ndi yolemera ndithu, ndipo woitaya msanga sanaiganizire bwino.

Komabe pali pomwe imaterereka. Mlendo wotchuka sabwera ndi mawu okha ayi. M'mbuyo mwake mumabwera atolankhani ndi makamera, ndipo chisangalalo chimene iwo ajambula chimasanduka umboni wokometsa wolamulira, woimbayo afune asafune. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kangathe kutumbula chithupsa, kangathenso kungometa bwino ndevu za mfumu. Brown sanamange munthu, koma pamasiku atatu aja ng'oma zake zinamveka kutali kuposa madandaulo a andende.