Walira mvula walira matope

Mwambi uwu umakumbutsa kuti chimene munthu wapempha chimadza ndi zovuta zake. Mlimi wa ku Embangweni kapena ku Edingeni ku Mzimba amaudziwa bwino: mvula imene yameretsa chimanga ndi yomweyo imene imatitimiza galimoto pamsewu wa fumbi.

Kunyanja ya mchere ya ku South Africa, dziko limene amuna ambiri a ku Mzimba amakasakako ntchito, matope a usodzi ndi imfa ya mbalame. Sitima zosodza nsomba za tuna zimaponya chingwe cha makilomita ambirimbiri chokhala ndi mbedza zikwizikwi. Nyambo isanamire, mbalame zotchedwa albatross zimaithyola, mbedza n'kuzikola pakhosi, n'kuzikokera pansi pa madzi. Mbalamezi zimaikira dzira limodzi lokha, zina kamodzi pa zaka ziwiri, choncho kholo likafa, chisa chatha.

Matopewa saletsa kulima, koma amachepetseka. Asodzi amaponya mbedza usiku, amazimangirira mtovu kuti zimire msanga, ndiponso amakoka chingwe cha nsanza zouluka kumbuyo kwa sitima, monga chiopsezo cha m'munda wa mapira. Pangano la mayiko loteteza mbalamezi, ACAP, linayamba kugwira ntchito mu 2004, ndipo South Africa ilimo.