Kodi Mseu Ngwa Yani?

Makolo athu adali ndi lamulo la panjira lomwe silidalembedwe m'buku lililonse. Ukakumana ndi munthu wosenza mtolo wa nkhuni, kapena mayi wobereka mwana, iwe wopanda katundu ndiye unkapatuka n'kuima pa udzu mpaka adutse. Njira idali ya wolemedwa. Tsono funso langa ndi ili: lamulo limeneli tidalitaya pati pobwera muno m'Kabula?

Talawirani tsiku lina mukaime pa njira zochokera mu Ndirande kulowera ku Makata ndi ku Ginnery Corner. Mukaona chinamtindi cha anthu, ena madengu a tomato ali pamutu, ena ndi ana a sukulu, onse akulimbirana kamphepete ka phula ndi ngalande. Pakati pa mseu pakudutsa galimoto ya mipando isanu, muli munthu mmodzi, hutala ali piii! Wolemedwa ndiye akupatukira wopepukidwa. Ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, gule ndi yemweyo.

Sindikunena kuti mwini galimoto ndi mfiti, ayi. Naye ali ndi dandaulo lake. Kale mumzinda muno munkayenda mabasi akuluakulu a UTM, omwe kampani ya Stagecoach idawatenga mu 1989 n'kuwasiya mu 1997. Shire Bus Lines, yomwe idalowa m'malo mwake, nayo idatha. Tidatsala ndi minibasi yosanyamuka isanadzaze, ndi njinga yamoto ya kabaza yomwe umakwera mtima uli m'mwamba. Ndiye munthu akapeza kangachepe agula kagalimoto kake, ndipo tingam'dzudzule bwanji? Koma apa mpomwe pagona nkhani. Aliyense payekha waganiza mwanzeru, koma tonse pamodzi tachita zopusa: mdipiti uli ndiii pa Chichiri, aliyense akutukwana mnzake kuti ndiye watseka njira. Walira mvula walira matope.

Akuluakulu akati athane ndi vutoli, maganizo amathamangira kukuza mseu. Mseu wa Masauko Chipembere, wolumikiza Blantyre ndi Limbe, adaukuza ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo tidaomba m'manja. Komatu mseu waukulu umaitana galimoto zambiri, ndipo gogo wofuna kuoloka kupita ku Gulupu mtunda wothawa imfa wam'talikira. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mumzinda muno. Mwa amenewa, ogwira chiwongolero chawochawo ndi angati? Nanga msonkho womangira phulalo sapereka ndi onse, ngakhale wogula sopo pa okala?

Anzathu a ku Dar es Salaam, mu 2016, adapatula mbali ya mseu kuti ikhale ya mabasi akuluakulu okhaokha. Mavuto sakusowa kumeneko, koma mfundo yake ndi ya makolo athu ija: basi yonyamula anthu ambirimbiri iyambe yadutsa, wa yekha adikire. Ifenso tili ndi njanji yomwe idafika mu Blantyre mu 1908, yodutsa pakati pa mzinda kuchokera ku Limbe. Bwanji osaiganizira kuti izinyamula anthu opita ku ntchito?

Ine ndikuona kuti chitukuko cha mzinda tisamachiyese ndi liwiro la galimoto ya bwana. Tizichiyesa ndi mwana wa Sitandade 2: kodi angathe kupita ku sukulu yekha, mayi ake osagwira mtima mpaka madzulo? A khonsolo atimangire kaye tinjira ta oyenda pansi, malo oolokera ooneka bwino ndi magetsi a mumseu. Zimenezi sizidya ndalama ngati phula la mizere inayi.

Ndipo inu a dalaivala, mukaona mayi wa dengu wayimirira m'mbali akudikira mpata, pondani buleki. Paja nanunso mukatseka chitseko cha galimotoyo mumatsala ndi miyendo iwiri ngati tonsefe.