Mchira wa mwezi

Ndili mwana ndinkaganiza kuti mwezi uli ndi mchira. Kuwala kwake kunkatsetserekera chapambali, ndipo ndinkangoti aliyense amauona choncho. Ndinali ndi zaka 19 pamene wopima maso anandiuza kuti mchirawo uli m'diso langa. Cornea, kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, imayenera kubulungira ngati lalanje, koma yanga inali ngati dzira, moti kuwala kukalowa sikunkakumana pamalo amodzi. Vutoli amalitcha astigmatism. Thomas Young analifotokoza mu 1801 atapima maso ake omwe, ndipo zimandikhudza kuti naye anayamba ndi kukayikira zimene ankaona.

Magalasi ndinavala zaka 13. Kenako, ndikugwira ntchito ku Johannesburg, ndinasunga ndalama n'kukachititsa opaleshoni ya LASIK. Dokotala anadula kachivundikiro kopyapyala pa cornea, n'kukapindira pambali, laser n'kusema pansi pake, kachivundikiro n'kubwezeredwa. Zonsezi pa kanthu kokhuthala pafupifupi theka la milimita! Ndimakumbukabe kafungo konga ka tsitsi lopserera. Patapita masiku angapo ndinatuluka panja usiku, n'kupeza mwezi uli wobulungira ngati mbale, wopanda mchira. Misozi inalengeza m'maso.

Papita zaka 14. Chimene laser inasema chidakalipo, monga zimakhalira kwa anthu ambiri. Kwa ena, makamaka amene astigmatism yawo inali yaikulu, chimbuuzi chimabwererako pang'ono. Ine chimene ndinatsala nacho ndi kuuma kwa maso nthawi ya fumbi, ndiponso nyali za galimoto zimene usiku zimaoneka zitavala nkhata. Kabotolo ka mankhwala odontheza m'maso sikachoka m'chikwama changa. Alipo ochepa amene cornea yawo imafooka n'kuyamba kutumphuka, n'chifukwa chake dokotala wosamala amabweza munthu amene cornea yake ndi yopyapyala kwambiri, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja.

Ntchito imeneyi si yakale ayi. Marguerite McDonald anayamba kusema ndi laser diso loona la munthu mu 1988 ku New Orleans, ndipo Ioannis Pallikaris anayambitsa LASIK ku Crete cha m'ma 1990. Achinyamata amene anagona pa bedi la opaleshoni zaka zimenezo akuyamba kumene kuchita imvi.

Chaka chatha ndinalephera kulowetsa ulusi pa singano. Ndinautafuna kunsonga, ndinasendera pawindo, ndinatalikitsa dzanja, koma ayi ndithu. Mtima unandipweteka ngati ndaberedwa, chonsecho dokotala anali atandiuziratu. M'kati mwa diso muli lens imene imayamba kuuma munthu akadutsa zaka 40, ndipo laser sinaikhudze n'komwe. M'menemonso ndi mmene ng'ala imadzamera.

Ndaganizira kwambiri za kupweteka mtima kuja. Ndikuona kuti pa bedi lija sindinkangofuna kuona bwino. Ndinkafuna kuti chinthu chimodzi chokha pa thupi langa chithe, ndichiiwale. Mmisiri akasema mtondo, mtengowo umakhala utadulidwa kale, ndipo mtondowo umakhala momwemo mpaka kung'ambika. Dokotala wanga anasema pa mtengo wamoyo, umene ukupitiriza kukula ndi kukalamba. Anagwira ntchito yake bwino, ndipo ndikanabwerera ndikanavomeranso. Zaka 14 zodzuka m'mawa n'kuona nkhope ya mwana wanga osayamba ndafufuza magalasi pampando, zimenezo ndinalandira, ndipo sizichepa chifukwa lero ndili ndi magalasi owerengera.

Ulusi uja anandilowetsera ndi mwana wanga wamkazi, monga ine ndinkachitira amayi anga. Madzulo ake tinakhala pakhonde mwezi utawala. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, mweziwu ukuuona bwanji?" Anatsinzinira, n'kupendeketsa mutu, asanayankhe. Lolemba lotsatira ndinapita naye kukapimitsa maso.